Mpando Ulipo, Nanga Mbumba Ili Kuti? Maganizo pa Lamulo la ku Roma la Utsogoleri wa Mabungwe

Pa 11 Juni 2021 nthambi ya ku Likulu la Papa yoona za akhristu eni ake, mabanja ndi moyo idatulutsa chikalata chachifupi chimene adasaina ndi Kadinala Kevin Farrell, malemu Papa Francis atachivomereza. Chikalatachi chidayamba kugwira ntchito patapita miyezi 3, ndipo nkhani yake ndi imodzi: kodi munthu angakhale pa mpando wa bungwe la akhristu nthaŵi yaitali bwanji, nanga womuika pampandopo ndani? Yankho lake ndi la masamu. Udindo uliwonse wa ku likulu la bungwe usapitirire zaka 5. Munthu mmodzi asakhale m'gulu lolamulira zaka zoposa 10 zotsatana. Zikakwana ayambe wapuma chigawo chathunthu asanasankhidwenso. Mtsogoleri wamkulu akatha zaka 10 pa mpando asadzabwererepo. Membala aliyense wokhazikika akhale ndi mau pa chisankho, kaya iye mwini, kaya kudzera mwa omuimira. Mabungwe amene atsogoleri ao anali atapyola kale malireŵa adapatsidwa miyezi 24 kuti achititse zisankho. Palinso ndime yachisanu, imene tidzaikhalire pansi kutsogoloku: oyambitsa mabungwe angathe kumasulidwa ku malamulo ameneŵa, nthambiyo ikaona kuti nkoyenera.

Tinene poyambirira kuti lamuloli silimanga mabungwe athu ang'onoang'ono. Lidalembedwera mabungwe a m'maiko ambiri amene Likulu la Papa lidawakhazikitsa kapena kuwavomereza. Silifika ku komiti ya sukulu ya mkaka ya pa parishi, ngakhale ku bungwe losamala ana amasiye limene lachita lendi nyumba ku Naperi, ngakhalenso ku gulu la amai oyendera odwala ku Zingwangwa. Komabe amene amayenda m'miseu ya Naperi, Chitawira ndi Kanjedza amaziona zikwangwani za mabungwe pa mipanda ya nyumba, zina zoŵala utoto watsopano, zina zofwifwa kotero kuti dzina liŵerengeka movutikira. Mukafunsa oyandikana nazo kuti bungwe lija lidapita kuti, sakuuzani za ntchito yake kapena za ndalama zake. Amakuyankhani ndi nkhani ya munthu mmodzi: adatisiya, adasamukira ku Lilongwe, adayambana ndi anzake. Nchifukwa chake taganiza zoŵerenga chikalata cha ku Roma tili kuno, kuti tione ngati mankhwala ake angachize nthenda yathu.

Choyamba tiyamikire. Chikalatachi, pamodzi ndi mau ofotokozera amene adatuluka nacho, chidatchula nthenda ndi dzina lake. Chidaonetsa kuti munthu akakhalitsa pa mpando amayamba kuyesa mphatso ya Mzimu Woyera ngati katundu wake, zonse zimayamba kuzungulira iye, ndipo khomo lopondereza ufulu ndi ulemu wa anthu limatseguka. Amene adaphunzirako maganizo a Max Weber, katswiri wa ku Germany amene adamwalira mu 1920, akumbukira kuti iye adasiyanitsa mitundu 3 ya ulamuliro: wochokera ku mwambo wa makolo, wochokera ku malamulo olembedwa, ndi wochokera ku mphatso ya munthu mwini. Wachitatuwu ndiwo wamphamvu kuposa yonse pa kuutsa anthu, komanso ndiwo wosachedwa kufa, pakuti umaloŵa m'manda pamodzi ndi mwini wake ngati sudasandulike mwambo kapena lamulo iye akali moyo. Roma idasankha njira ya lamulo, ndipo lamulolo lidaluma ndithu. Mu Novembala 2021 Bambo Julián Carrón, amene adatsogolera gulu la Comunione e Liberazione kuchokera pamene woyambitsa wake, Bambo Luigi Giussani, adamwalira mu 2005, adatula pansi udindo.

Kwa ife a ku Malaŵi manambala aŵa, 5 ndi 10, si achilendo. Malamulo aakulu a dziko lino amapatsa Pulezidenti zigawo 2 zotsatana za zaka 5, ndipo tidawalemba mabala akali aŵisi. Mu 1971 Dr. Kamuzu Banda adakhala Pulezidenti wamuyaya, ndipo kuyambira apo kufunsa za woloŵa m'malo mwake kudali kuputa imfa. Olemba mbiri ambiri amalumikiza funso lomwelo ndi kuphedwa kwa Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, amene mitembo yao idapezeka ku Mwanza mu Meyi 1983. Mu Julayi 2002, pamene Nyumba ya Malamulo idafunsidwa kuchotsa malire a zigawo, mipingo idakana, ndipo ganizolo lidagwa litapereŵera mavoti 3 okha. Malire adagwira ntchito yao: a Bakili Muluzi adachoka mu 2004. Koma tikumbukenso chimene chidatsata. Woloŵa m'malo adaloza ndi chala ndi iwo eni, ndipo chaka chisanathe a Bingu wa Mutharika adatuluka m'chipani chimene chidawaika pa mpando nakayambitsa chao. Malire a zaka amadziŵa kutulutsa munthu pa khomo. Kulera woti aloŵe sadziŵa.

Apa ndiye pali kupereŵera koyamba kwa chikalatachi. Chimaŵerenga zaka za wochoka mosamala kwambiri, koma za wobwera chili chete: kuti aphunzira kuti, amphunzitsa ndani, adzayamba liti kugwirako zingwe. Kuti timvetse kukula kwa mpata umenewu, tiyang'ane mwambo wa makolo athu, umene anthu ophunzira amaunyoza msanga kuti ulibe dongosolo.

Nzoona kuti kumudzi, pakati pa Acheŵa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, mfumu imakhala pa mpando mpaka imfa, ndipo dzina la woloŵa m'malo silitchulidwa pabwalo iyo ikali moyo. Woonera patali angati palibe kukonzekera konse. Komatu kukhala chete kumeneku kuli ndi ntchito m'kati mwake. Ufumu si wa mfumu. Ndi wa mbumba. Woloŵa dzina amachokera mwa ana a alongo ake a mfumuyo, ndipo ntchembere za m'banjamo zimakhala zikuwapenyetsetsa anaŵa kuyambira ali aang'ono: uyu ngwaukali, uyu ngwoumira, uyu amamva anzake akamalankhula, uyu moŵa umampita kumutu. Mnyamata amene zamuona bwino amatumidwa kukaperekeza malume ake ku maliro a mudzi wina, amakhala pambali milandu ikamazengedwa, amadziŵa malire a minda poyenda nao akuluakulu, osati poŵerenga mapu. Tsiku la kulonga ufumu likafika, amai sachita kufunafuna munthu. Amangotchula amene adamuona kale zaka zambiri. Ndipo akamlonga amamlangiza pamaso pa anthu onse, kumkumbutsa kuti dzinalo walipeza ndipo adzalisiya. Sitikuti mwambowu ulibe zilema. Milandu ya ufumu imene imadzaza makhoti masiku ano, makamaka chiyambire pamene ufumu udayamba kubwera ndi mswahala, ikuchitira umboni kuti nawonso umathyoka. Koma pamene unkayenda bwino, unkayenda chifukwa panali gulu la anthu amene ufumuwo unali wao, okhala ndi mphamvu yosankha ndi yodzudzula.

Tsono bungwe la m'tauni latenga theka la mwambowu nkusiya theka linalo. Latenga kukhala pa mpando mpaka imfa, latenganso manyazi otchula woloŵa m'malo, koma mbumba lilibe. Lili ndi antchito, amene amalandira malipiro kwa woyambitsa. Lili ndi olandira thandizo, amene sangatsutse dzanja lowadyetsa. Lilinso ndi bodi, imene kaŵirikaŵiri woyambitsa yemweyo adaisankha mwa anzake a kusukulu ndi a kutchalitchi pofuna kukwaniritsa zofunika pa kalembera wa boma. Anthu a m'bodi amabwera kaŵiri pa chaka, namva lipoti, nadya nkhomaliro, nabwerera kwao. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Tikudziŵa bungwe lina kuno, limene sitilitchula dzina, loyambitsidwa ndi mai wachifundo chenicheni, amene kwa zaka zambiri adadyetsa ndi kuphunzitsa ana amasiye. Atamwalira mwadzidzidzi zidaoneka kuti ku banki osainira anali iye ndi mlamu wake amene adasamuka kale. Bulubuku ya galimoto inali m'dzina lake. Makalata onse a opereka thandizo anali mu foni yake yokhoma. Achibale pogaŵa chuma cha masiye adatenga galimotoyo, ndipo sitingawatche akuba, popeza mapepala ankanena kuti ndi ya malemu. Chaka chisanathe ana aja adabalalika. Palibe lamulo la zaka 10 limene likadapulumutsa bungwe limenelo, pakuti ngakhale maiyo akadafuna kutula udindo, panalibe womtulira.

Poona zimenezi, ife tikuganiza kuti mtima wa chikalata cha ku Roma suli m'ndime za zaka zimene anthu adazikamba kwambiri, koma m'ndime yachitatu, yonena kuti membala aliyense akhale ndi mau pa chisankho. Ndime imeneyi ndiyo ikufunsa funso la mbumba: kodi bungweli ndi la yani? Chikalatacho chimangoganiza kuti mamembala alipo kale, chifukwa magulu amene chidawalembera ali ndi anthu zikwizikwi. Kwathu kuno mpofunika kuyambira pansi, kupanga mamembala enieni pamene palibe. Ndipo Eklezia wa ku Malaŵi ali ndi chuma pa nkhaniyi chimene sachiŵerengera. Miphakati, imene Ambuye Patrick Kalilombe adailimbikitsa mu sinodi ya dayosizi ya Lilongwe ya 1973 mpaka 1975, ndipo aepiskopi a AMECEA adaiika patsogolo mu 1976, ndiyo sukulu yaikulu ya utsogoleri imene tili nayo. M'mphakati mai wogulitsa tomato pamsika amaphunzira kutsogolera msonkhano, kusunga buku la ndalama, kusankhidwa, ndi kusiyira mnzake nthaŵi ikakwana, osachoka m'gululo. Nzodabwitsa kuti tikamakhazikitsa chipatala chaching'ono kapena nyumba ya ana pa parishi, anthu ameneŵa timawaika pa mzere wa olandira, ndipo mu bodi timaitana akutali ovala mataye.

Mbiri ya dera lathu lino ili ndi chitsanzo chimene chimaonetsa mbali zonse ziŵiri, ndipo tikuchitchula mwaulemu popeza nchochokera kwa abale athu a mpingo wina. Mishoni ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, idayambitsidwa ndi Mbusa John Chilembwe mu 1900. Itatha nkhondo ya 1915, Chilembwe ataphedwa, boma la atsamunda lidagumula tchalitchi nkutseka mishoniyo. Mwa kuganiza kwa anthu ntchitoyo idathera pomwepo. Koma panali mnyamata wina amene adaphunzira pa sukulu ya mishoniyo, Daniel Malikebu, amene adatsata mphunzitsi wake Emma DeLany ku America, naphunzira kumeneko udokotala ku Meharry Medical College. Mu 1926 adaloledwa kutsegulanso mishoni, patatha zaka 11 za bwinja. Chilembwe sadalembe dongosolo la woloŵa m'malo, ndipo sakadadziŵa kuti adzakhala mnyamata ameneyu. Chimene chidapulumutsa ntchito yake ndi chakuti panali sukulu, ndipo m'sukulumo munali mwana amene adapatsidwa mpata wokula kufikira msinkhu wa mphunzitsi wake.

Mbali yachiŵiri njomvetsa chisoni. Dr. Malikebu adatsogolera mishoniyo zaka 45, namanganso tchalitchi, nafalitsa mpingo kufikira maiko oyandikana nafe. Koma kuchoka kwake mu 1971, pamene Mbusa Leonard Muocha adatenga udindo, sikudali kwa mtendere: padabuka mikangano ndipo ena adapatuka. Munthu yemweyo amene moyo wake udali umboni wakuti ntchito imapulumuka mwa kulera ana, ndiye adafika ku ukalamba nkhani ya mpando wake isanakhazikike. Sitikumuweruza, ntchito yake njaikulu kuposa mathero ake. Tikungoona kuti apa malire a zaka akadathandiza, monga momwe sukulu idathandizira poyamba paja. Zonse ziŵiri nzofunika, ndipo chikalata cha ku Roma chagwira chimodzi chokha.

Tibwere tsopano ku ndime yachisanu ija. Chifukwa chomasulira oyambitsa nchomveka: mphatso imene Mzimu Woyera adapatsa munthu imafuna nthaŵi kuti izike mizu, ndipo kumchotsa msanga mlimi mbeu ikali yanthete kungaphe munda. Tikuvomerezanso kuti kumasulaku sikubwera kokha. Nthambi ya ku Roma iyenera kuyamba yaona. Komabe sitingabise kuti ndime imeneyi yatsegula zenera pamalo pomwe mphepo imaloŵera. Zonyansa zazikulu zimene zidaululika m'magulu atsopano a Eklezia zaka zapitazi zidachokera kwa oyambitsa, anthu amene otsatira ao ankawaona ngati oyera akali moyo. Mu 2020 gulu la L'Arche lidaulula lokha kuti woyambitsa wake, Jean Vanier, amene adamwalira chaka cham'mbuyo mwake dziko lonse likumtamanda, adachita zachipongwe kwa amai amene ankabwera kwa iye kudzafuna uphungu wa zauzimu. Gulu limeneli silili m'gulu la mabungwe omangidwa ndi chikalatachi, koma phunziro lake nlomwelo: palibe munthu wovuta kumfunsa mafunso kuposa woyambitsa. Kwathu kuno, kumene mabungwe ambiri adabadwa 1994 itadutsa ndipo akali m'manja mwa amene adawayambitsa, kutengera ndime imeneyi kungakhale kumasula pafupifupi aliyense.

Oyera mtima eni ake sadaope zimene ndimeyi ikuwaopera. Francis Woyera wa ku Assisi adatula ulamuliro wa chipani chake mu 1220, zaka 6 asanamwalire, naupereka kwa Pietro Cattani, iye nkukhala mbale pakati pa abale. Zidamuŵaŵa kuona ena akuyendetsa zinthu mosiyana ndi mtima wake, koma chipanicho chilipo mpaka lero. Louis-Marie de Montfort Woyera adamwalira mu 1716 ali ndi zaka 43, nasiya ansembe 2 okha ndi abale oŵerengeka. Pa bedi la imfa adapereka ntchito kwa Bambo René Mulot, munthu wodwaladwala amene sankadziyesa woyenera. Patapita zaka 185, mu 1901, ana a chipani chimenecho adafika ku Nzama, ndipo chikhulupiriro cha ife a dayosizi ino chidadzera m'manja amenewo.

M'nyumba mwathu momwe muli chitsanzo chabwino chimene sitichikamba mokwanira. Ambuye Louis Auneau adatsogolera dera la Shire zaka pafupifupi 40 kuchokera mu 1910. Woloŵa m'malo mwao, Ambuye Theunissen, adakhala Arkiepiskopi woyamba wa Blantyre mu 1959. Mu 1965 Bambo James Chiona adadzozedwa kukhala episkopi wothandiza, ndipo mu 1967 Ambuye Theunissen adatula udindo, akali kutali ndi zaka 75, nasiyira mwana wa dziko lino. Zaka 2 za kuyenda pamodzi si zambiri, koma zidali zoonekera kwa onse: ansembe ndi akhristu adazoloŵera nkhope yatsopano, ndipo wamkulu adachoka mphamvu akali nazo. Apa tiyeneranso kunena chimene chikutsutsana ndi okonda masamu. Ambuye Chiona adakhala pa mpando mpaka 2001, zaka zoposa 33. Pamene aepiskopi adatulutsa kalata ya nyengo ya Lenti pa 8 Malichi 1992, apolisi nawapanikiza ndi mafunso kuno ku Blantyre, kulemera kwa mau a munthu amene anthu adamdziŵa ngati mbusa wao zaka zoposa 24 kudali mbali ya mphamvu ya kalatayo. Kukhalitsa pakokha si tchimo. Udindo wa episkopi, wochokera ku sakramenti, suli chimodzimodzi ndi wa mkulu wa bungwe. Ngakhale zili choncho Eklezia adauikiranso malire, kuyambira pa lamulo la Papa Paul VI la 1966, limene lero lili mu kanoni 401: episkopi akakwanitsa zaka 75 apemphedwa kupereka kalata yotula udindo. Kanoni 538 imanena zomwezo za bambo mfumu.

Vuto la ansembe lili pena. Wansembe sakhalitsa pa parishi, popeza episkopi amamsamutsa. Koma ntchito zimene amayambitsa zimakhala zake kuposa za mai uja wa ana amasiye. Chigayo, khola la nkhumba, thumba la fizi ya ana osauka, zonsezi zimayenda ndi ndalama za abwenzi ake a ku Ulaya amene amalembera iye yekha. Kalata yomsamutsa ikafika, abwenziwo amasamuka naye, ndipo wobwera amapeza chigayo chopanda lamba ndi ana 30 oyembekeza fizi. Wobwerayonso nthaŵi zina safuna kuthirira mtengo umene adabzala mnzake, amafuna wakewake woti adzamkumbukire nawo. Chonsecho Malamulo a Eklezia adaneneratu. Kanoni 1283 imalamula kuti woyang'anira chuma asanayambe ntchito palembedwe ndandanda wa katundu yense, wosainidwa, kope lina lisungidwe pamalopo, lina ku likulu la dayosizi. Kanoni 537 imafuna kuti pa parishi iliyonse pakhale bungwe loona za chuma. Ndime ziŵirizi, zimene ophunzira ku St Peter's amaziŵerenga mothamanga mayeso akayandikira, zikadatsatidwa ndi mtima wonse zikadachita zambiri kuposa misonkhano ya m'mahotela yophunzitsa utsogoleri. Mu 2025, pamene boma la America lidaimitsa thandizo lake lodzera ku USAID, mabungwe ambiri m'dziko muno adaona okha kuopsa kwa kutsamira pa khomo limodzi. Kutsamira pa munthu mmodzi nkoopsa chimodzimodzi, kungoti tsiku lake silidziŵika.

Nanga nchifukwa ninji anthu anzeru, oona zonsezi, amakhalabe chete? Pano chikalata cha ku Roma sichingatithandize, chifukwa sichidziŵa makutu athu. Kwathu kufunsa munthu wamoyo za woloŵa m'malo mwake kumamveka ngati kumlosera imfa. Wachiŵiri wake akangoyamba nkhaniyi amatchedwa wofuna mpando, ndipo mkuluyo akadwala mwezi wotsatira, manong'onong'o a ufiti amayamba. Mkuluyonso amaopa kukweza wina, poti atambala aŵiri salira m'khola limodzi; motero amadzizungulira ndi anthu ofooka, ndipo aluso amachoka mmodzimmodzi kukayambitsa mabungwe aoao, kumene adzachitenso zomwezo. Chotsatira chake nchakuti pali munthu mmodzi yekha amene angatsegule nkhaniyi popanda kukayikiridwa: mwini mpando.

Malembo Oyera amaika pamaso pathu anthu aŵiri. Mu Numeri 27, Mose atauzidwa kuti sadzaloŵa m'dziko lolonjezedwa, iye mwini ndiye adapempha Mulungu kuti asankhe munthu wina, kuopa kuti mpingo ungakhale ngati nkhosa zosoŵa mbusa. Adamsanjika manja Yoswa pamaso pa wansembe ndi pa anthu onse, nampatsako ulamuliro wake akali moyo. Ndipo Yoswayo adali atayenda naye kuyambira ku phiri la Sinai. Mu 1 Mafumu 1, Davide adakalamba ali chete, mpaka Adoniya adapha ng'ombe nadziika ufumu, ndipo padatengera Natani ndi Bateseba kuloŵa kuchipinda kukamkakamiza kulankhula. Adalankhula mochedwa, ndipo ufumu wa Solomoni udayamba ndi magazi a mbale wake. Kusiyana kwa aŵiriŵa sikuli pa nzeru za kayendetsedwe ka zinthu. Mose adavomera imfa yake nailankhula. Davide adadikira kuti ena amlankhulire. Ife amene chaka chilichonse timapaka anthu phulusa pamphumi, tiyenera kukhala oyamba kuchotsa mantha pa nkhaniyi, poiphunzitsa pa guwa ndi poichita m'maofesi mwathu. Pamene Papa Benedict XVI adalengeza pa 11 Febuluwale 2013 kuti mphamvu zamthera ndipo atula udindo, adaphunzitsa Eklezia za kusiyana kwa munthu ndi mpando kuposa momwe chikalata chilichonse chingachitire.

Ena adzati: anthu ophunzira ndi okhulupirika ngoŵerengeka, opereka thandizo amakhulupirira nkhope imene adaizoloŵera, tsono kusintha mtsogoleri zaka 10 zilizonse nkutaya chuma. Mau ameneŵa ali ndi choona chake, ndipo bungwe laling'ono lisakakamizidwe kutengera manambala a ku Roma ngati kuti adatsika kumwamba. Pena zaka 12 zingakhale bwino, pena 6. Koma wonena kuti palibe wina woyenera, atatha zaka 20 pa mpando, akudzineneza yekha, pakuti kulera woyenerayo idali ntchito yake. Aristotle adaphunzitsa kuti nzika yabwino ndi imene idziŵa zonse ziŵiri, kulamula ndi kulamulidwa, ndipo kuti kulamula munthu amakuphunzira pokhala pansi pa wina. Inu a ku Kachebere ndi ku Zomba mukuphunzira theka loyambalo tsopano. Theka lovuta lidzabwera pambuyo pake: kubwereranso pansi mutalaŵa kukhala pamwamba, ndi kuona mnzanu akusintha zimene mudamanga inu osamtumira makalata kuseri.

Patsala chinthu chimodzi chimene chikalatachi sichidachikhudze konse, chonsecho kwathu kuno ndicho chimamanga anthu ambiri pa mpando kuposa kunyada. Episkopi wopuma, kanoni 402 imamsungira pokhala ndi chakudya. Bambo mfumu wopuma, kanoni 538 imauza episkopi kuti amsamale. Nanga mkhristu wamba amene adasiya ntchito ya uphunzitsi kapena ya unamwino ali ndi zaka 35, nathera moyo wake wonse pa bungwe, adzapita kuti akatula udindo? Nyumba imene akukhala ndi ya bungwe, kapena lendi yake imachokera ku bungwe. Galimoto yopitira ku Queens akadwala ndi ya bungwe. Penshoni alibe, chifukwa zaka zoyamba sankadzilipira, ndipo opereka thandizo amalipira mabuku ndi phala la ana, osati ukalamba wa woyambitsa. Kumuuza munthu wotere kuti zaka zako zakwana, osamuuza kumene adzagone, nkumpempha chimene ife ansembe sitipemphedwa. Bodi imene ikufuna kuti woyambitsa achoke mwamtendere iyambe yakhala naye pansi, zaka zingapo nthaŵi isanakwane, nkulemba poyera, akuona mamembala, za ndalama zimene adzalandire, za nyumba, ndi za malo aulemu amene adzakhale nao opanda sayini ya ku banki. Ndipo pamene bungwelo lili ndi dzina la Chikatolika, ofesi ya dayosizi imene idalivomereza iyenera kufunsa za pepala limeneli pamodzi ndi lipoti la chuma la chaka ndi chaka.